Funso la pa fomu ya lendi lomwe likuvutitsabe America

Mu Epulo 2025, Pulezidenti Donald Trump adasaina chikalata cholamula maunduna a boma la America kuti aleke kutsata milandu ya tsankho lomwe silimveka pakamwa koma limaonekera pa zotsatira zake. Ambiri adaiona ngati nkhani ya ntchito ndi sukulu. Ine maganizo anga adapita kwa munthu wotuluka kumene m'ndende, kachikwama ka zovala kali m'manja, wakhala pampando mu ofesi ya eni nyumba akulemba fomu ya lendi. Chapakati pa fomuyo pali funso: kodi mudamangidwapo, kapena kupezeka wolakwa pa mlandu uliwonse? Akalemba kuti inde, nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo, ndipo ndalama yomwe walipirira fomuyo sabweza.

Lamulo loletsa tsankho pa nyumba, Fair Housing Act, adalisaina Pulezidenti Lyndon Johnson pa 11 Epulo 1968, patangotha sabata chiphedwereni Martin Luther King ku Memphis. Lidaletsa kukaniza munthu nyumba chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo kapena dziko lochokera. Mu 1974 adaonjezamo kusasala amayi kapena abambo, mu 1988 adaonjezamo olumala ndi mabanja a ana. Munthu yemwe adakhalapo ndi mlandu sadatchulidwemo, ndipo mpaka lero sali m'gulu la otetezedwa. Mkangano wonsewu mizu yake ili pamenepo.

Chaka cha 1988 chomwecho, nkhondo yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ili pachimake, seneta Strom Thurmond wa ku South Carolina adalowetsa m'lamuloli chiganizo chololeza mwininyumba kukana aliyense yemwe khothi lidampeza wolakwa popanga kapena kugulitsa mankhwalawo. Malire a zaka sadaikepo. Uyu ndi Thurmond yemwe mu 1957 adayankhula maola oposa 24 osalekeza m'nyumba ya malamulo pofuna kutchinga lamulo la ufulu wa anthu akuda. Mu 1996 Bill Clinton adalengeza kuti m'nyumba za boma, ukalakwa kamodzi watuluka. Mu 2002 Khothi Lalikulu lidavomereza kuti boma lingathamangitse wochita lendi chifukwa cha mlandu wa mankhwala ozunguza bongo wa wapabanja pake kapena mlendo wake, ngakhale iye sadadziwe kanthu za mlanduwo. Mmodzi mwa odandaula pa mlandu umenewo adali gogo wa ku Oakland yemwe mwana wake adapezeka ndi cocaine kutali ndi nyumbayo, misewu itatu kuchoka pakhomo.

Mphepo idatembenuka pa 25 Juni 2015, ndipo chodabwitsa n'chakuti mlanduwo sudali wa akaidi. Bungwe la Inclusive Communities Project lidasumira nthambi ya zanyumba ya boma la Texas chifukwa nyumba zotsika mtengo za ku Dallas zinkangomangidwa m'madera a anthu akuda. Oweruza asanu mwa asanu ndi anayi a Khothi Lalikulu, chigamulo chitalembedwa ndi Anthony Kennedy, adati lamulo la 1968 limakhudzanso ndondomeko yomwe siitchula khungu la munthu koma ikupweteka mtundu umodzi kuposa ina popanda chifukwa chomveka. Kennedy adachenjezanso kuti manambala okha sakwanira, wodandaula aonetse kuti ndondomekoyo ndiyo yabweretsa kusiyanako.

Unduna wa zanyumba, HUD, womwe panthawiyo unkatsogoleredwa ndi Julián Castro, udagwira pomwepo. Pa 4 Epulo 2016, tsiku lokumbukira imfa ya King, loya wamkulu wa undunawu Helen Kanovsky adatulutsa malangizo a masamba ochepa chabe. Adati kumangidwa ndi apolisi si umboni woti munthu adalakwa, choncho pakokha sikungakhale chifukwa chomukanira nyumba. Adatinso mwininyumba wokana aliyense yemwe adapezekapo wolakwa, osayang'ana kuti mlanduwo udali wotani, udakula bwanji komanso padutsa zaka zingati, sangathe kudziteteza pamaso pa lamulo. Woba m'sitolo ali mnyamata zaka makumi awiri zapitazo asayesedwe ndi muyeso umodzi ndi yemwe adaotcha nyumba chaka chatha. Adalimbikitsa kuti munthuyo apatsidwe mpata wofotokoza mbali yake.

Maziko a malangizowa adali manambala. Mu 2014 anthu akuda adali 12 pa 100 alionse m'dzikomo koma pafupifupi 36 pa akaidi 100 alionse. Pa izi palibe amene amatsutsa kwenikweni. Chiwerengero china chomwe HUD idatchula, choti akuluakulu ofika 100 miliyoni ali ndi mbiri ya mlandu, ndi chofunika kuchigwira mosamala: chidachokera m'kaundula wa maboma osiyanasiyana, ndipo munthu mmodzi akhoza kulembedwa m'maboma awiri. Ena amati 70 miliyoni. Ngakhale titatenga chochepacho, ndi khamu lalikulu zedi.

Eni nyumba nawo ali ndi mfundo yosayenera kuipeputsa. Amati wochita lendi akavulaza mnzake wa khomo loyandikana, woyamba kusumiridwa ndi iwo. Funso ndi lakuti kodi mbiri ya mlandu imalosera za khalidwe la munthu panyumba? Kafukufuku wa Wilder Research ku Minnesota mu 2019 adaunika mabanja oposa 10,000 ndipo adapeza kuti mitundu 11 mwa mitundu 15 ya milandu sidasinthe kwenikweni mmene anthuwo adakhalira m'nyumbazo. Chofooka chake n'chakuti adangoona anthu omwe adalandiridwa kale ndi mabungwe othandiza. Omwe adakanidwa pakhomo, palibe buku lomwe limasonyeza kuti akadakhala alendi otani. Komabe, umboni womwe ulipo ukupendekera kwa wopempha nyumba kusiyana ndi kwa wotseka chitseko.

Zotsatira zake zidabwera mwapatalipatali. Mu 2019 eni nyumba zina za ku Queens, mu mzinda wa New York, adavomera kulipira bungwe lothandiza otuluka m'ndende la Fortune Society ndalama zoposa madola 1 miliyoni kuti mlandu wokaniza nyumba anthu a mbiri ya milandu uthe. Mzinda wa Seattle mu 2017 udaletsa ngakhale kufunsa funsolo, koma mu 2023 khothi la apilo lidati kuletsa kufunsa kukuphwanya ufulu woyankhula wa eni nyumba. New Jersey idakhazikitsa lamulo lake mu 2021.

Malangizo a 2016 sadadutse m'nyumba ya malamulo. Adali kamasuliridwe ka unduna, kotsamira pa chigamulo chomwe chidapambana ndi voti imodzi, n'chifukwa chake kusintha kwa boma kumawagwedeza msanga. Chiganizo cha Thurmond chili m'lamulo lenilenilo ndipo sichidachotsedwe. Lero tsogolo la wofuna nyumba likudalira komwe waponda. Mu mzinda wa New York, kuyambira pa 1 Januwale 2025, mwininyumba amayamba wavomera kaye munthuyo asadafufuze za milandu, ndipo pa milandu yambiri saloledwa kubwerera m'mbuyo kuposa zaka zisanu pa mlandu waukulu kapena zitatu pa waung'ono. Munthu yemweyo akasamukira ku boma lomwe lilibe lamulo lotere, funso lija amalipezanso pa fomu, lopanda malire a zaka.