Phiri Lodya Anthu la ku Potosí

Pachizindikiro cha dziko la Bolivia, ku South America, pali chithunzi cha phiri losongoka bwino ngati denga la nkhokwe. Phirilo ndi Cerro Rico, kutanthauza phiri lachuma, ndipo m'tsinde mwake muli mzinda wa Potosí. Pachithunzipo phirilo ndi lathunthu, koma lenilenilo nsonga yake ikutitimira. Mu 2011 pamwamba penipeni panatseguka chidzenje chachikulu. Boma linathiramo simenti yopepuka, koma nthaka sinaleke kugumuka, chifukwa m'kati mwake muli mauna okhaokha ngati chulu cha chiswe. Anthu akhala akulikumba kuyambira 1545. Lero ena akuti kukumba kulekeke phiri lisanagwe, pomwe okumbawo akufunsa kuti akaleka ana awo adya chiyani.

Potosí ali pamalo okwera mamita pafupifupi 4,000. Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002, ndiye kuti anthu a ku Potosí amagona ndi kuphika pamwamba kuposa pamenepo. Kumazizira koopsa, mitengo ndi yosowa, ndipo mlendo amachita befu akangoyenda pang'ono. Palibe akanamanga mzinda pamalo otere pakanapanda siliva.

Nkhani imene amasimba ndi yakuti munthu wina wa kumeneko, Diego Huallpa, kunamudera paphiripo akufunafuna chiweto chake chotchedwa llama. Anakoleza moto kuti awothe, ndipo kutacha anaona siliva akunyezimira pamene panali motopo. Mbiriyo itafika kwa atsamunda a ku Spain, omwe anali atangogonjetsa ufumu wa Ainka, anthu anakhamukirako. Zaka zoyambirira miyala inali ndi siliva wambiri moti eni dziko ankamusungunula okha m'ting'anjo tadothi totchedwa huayra, tomwe ankatiika pamalo opita mphepo kuti izikupiza moto. Usiku phiri lonse linkangoti ngwee ndi timoto tambirimbiri.

Miyala yabwinoyo itayamba kutha, kunabwera munthu amene dzina lake silidzaiwalika m'dera lamapiri la Andes: bwanamkubwa Francisco de Toledo. Iye anabweretsa zinthu ziwiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1570. Choyamba chinali njira yolekanitsira siliva ndi dothi pogwiritsa ntchito mekyule, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, chomwe chinkachokera kumgodi wa Huancavelica ku Peru. Kuti miyala iziperedwa, anamanga madamu m'mapiri a Kari Kari ndi ngalande yodutsa mumzinda, madzi ake n'kumazunguza zigayo. Mu 1626 limodzi la madamuwo linaphulika ndipo linakokolola zigayo ndi anthu ambiri.

Chachiwiri chinali ntchito yokakamiza yotchedwa mita. Mawuwa si a Chisipanishi. M'nthawi ya Ainka, mit'a inali ntchito yachitukuko yomwe midzi inkagwira mosinthana, monga kulambula misewu ndi kulima minda ya mfumu, ndipo mfumuyo inkadyetsa ogwira ntchitowo. Toledo anatenga dzina lomwelo n'kulisandutsa goli. Ife tikudziwa momwe mawu akuti thangata, omwe ankatanthauza kuthandizana, anasandukira ntchito yokakamiza m'maesiteti a azungu, ndipo zinachitika ku Andes n'zofanana. Kuyambira 1573, zigawo 16 zinalamulidwa kutumiza ku Potosí mwamuna mmodzi mwa amuna 7 aliwonse a zaka 18 mpaka 50, chaka ndi chaka. Pachimake, amuna oposa 13,000 ankanyamuka pachaka. Ena ankayenda masabata angapo wapansi, akazi ndi ana ali pambuyo, atasenzetsa ziweto chakudya chawo chifukwa malipiro sankakwanira kugula chakudya chodula cha mumzindamo.

Munthu akalowa m'phiri kumayambiriro kwa sabata ankatuluka Loweruka. Ankasenza thumba la miyala kumsana n'kukwera makwerero a zingwe zachikopa mumdima, kandulo ili m'manja. Akaterereka ankagwa pamodzi ndi amene ali m'munsi mwake. Akatulukira kunja thukuta lili kamukamu, mphepo yozizira inkamulasa pachifuwa. Amene ankagwira kuzigayo ankaponda matope osakaniza ndi mekyule ndi mapazi osavala, ndipo mano ankaguluka, manja n'kumanjenjemera. Panali ena ogwira ntchito yolipidwa mwa kufuna kwawo, otchedwa minga, koma chimene chinkapangitsa migodi kupindula ndi anthu okakamizidwawo. Mabanja ambiri anathawa midzi yawo kuti asalembedwe m'kaundula, otsalawo n'kusenza mtolo wa othawa. Dzina lakuti phiri lodya anthu linachokera pamenepa. Mita inathetsedwa mwalamulo mu 1812, patapita zaka pafupifupi 240.

Pamwamba pa mazunzo amenewa panakula mzinda wodabwitsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 akuti unali ndi anthu pafupifupi 160,000, chiwerengero chofanana ndi cha mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya nthawi imeneyo. Unapatsidwa dzina laulemu lakuti Villa Imperial. Nsalu zinkachokera ku Ulaya ndi ku China, ndipo mpaka lero olankhula Chisipanishi akafuna kunena kuti chinthu n'chamtengo wosaneneka amati "vale un Potosí", n'chofanana ndi Potosí. Siliva ankamutsitsira kudoko la Arica pamsana pa ziweto, kenako pachombo kupita ku Lima, ku Panama mpaka ku Seville, ku Spain. Gawo limodzi mwa magawo asanu linali la mfumu ya Spain, ndipo lambiri linathera kulipira nkhondo ndi ngongole. Ndalama zosulidwa ku Potosí zinafika m'misika ya ku India ndi ku China.

M'nyumba yosulira ndalamazo, Casa de la Moneda, munkagwira ntchito akapolo ochokera ku Africa, ambiri obwera kudzera ku Buenos Aires. Zimandipweteka kuti alendo okaona nyumbayi amachita chidwi ndi makina akuluakulu amatabwa omwe ankazunguzidwa ndi nyulu, n'kuiwala manja amene ankadula ndi kudinda ndalama pafupi ndi ng'anjo. Zidzukulu za Aafirika amene anabweretsedwa ku Bolivia lero zimapezeka makamaka kuzigwa zofunda za Yungas. Nyumba imene ilipo tsopano inamalizidwa mu 1773, ndipo anaisandutsa yosungiramo zinthu zakale. Osema miyala a kumeneko nawo anasiya chizindikiro chawo: pakhomo la tchalitchi cha San Lorenzo anasemapo dzuwa, mwezi ndi akazi am'madzi akuimba kagitala kotchedwa charango.

Siliva atachepa, mzinda unafota. Simón Bolívar, mtsogoleri wa nkhondo yomenyera ufulu, anakwera phirili mu 1825, chaka chimene Bolivia inalandira ufulu. Pambuyo pake kunabwera nyengo ya tini, ndipo mu 1952 boma linalanda migodi ikuluikulu n'kuiika pansi pa kampani yake ya COMIBOL. Mu 1985 mtengo wa tini unagwa padziko lonse, boma linachotsa ntchito anthu am'migodi oposa 20,000, ndipo apa ndi pamene panamera muzu wa mkangano wa lero. Ambiri otsala opanda ntchito analowa m'makopaletivi n'kuyamba kubwereka mauna akale kuboma. Dzina lakuti kopaletivi lisakunamizeni. Amene ali ndi malo okumba amalemba aganyu, ndipo waganyuyo nthawi zambiri alibe chomuteteza akavulala. Amakumba zinki, tini ndi siliva wotsalira, fumbi n'kumalowa m'mapapo mpaka kudwala chifuwa chimene iwo amati mal de mina, matenda a mumgodi. Mabanja a kuno kwathu amene abambo awo anabwera ku Joni akutsokomola akuchidziwa chifuwa chimenechi.

M'kati mwa mgodi uliwonse muli chiboliboli chadothi cha nyanga, chotchedwa El Tío, kutanthauza malume. Kunja okumbawo ndi Akatolika, amapita ku Misa ndi kubatiza ana. Akalowa pansi amati mwini chuma ndi Tío. Amamuika ndudu yoyaka pakamwa, amamuwaza masamba a chitsamba chotchedwa coca ndi kumuthirira mowa waukali, makamaka Lachisanu, kuti awaonetse mtsempha wa siliva ndiponso kuti asawagwetsere miyala. Nyengo ya Pentekoste amapha llama n'kuwaza magazi pakhomo la mgodi, kuti nthaka ikhute magazi a nyama isafune a munthu. Sindingauseke mwambo umenewu. Munthu amene agogo ake, bambo ake ndi mchimwene wake anathera m'phiri lomwelo ali ndi chifukwa cholankhulira nalo.

Bungwe la UNESCO linaika Potosí pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1987, ndipo mu 2014 linauika pagulu la malo amene ali pachiopsezo, chifukwa cha kugumuka kwa phirilo. Akuluakulu a boma anadula malire pa mamita 4,400, kuti pamwamba pake pasakumbidwe, koma kumtundako ndi kumene kuli miyala yonona, ndiye kusamutsa okumba kwakhala kovuta zedi. Anthu a mumzinda nawo mitima ili pawiri. Mu 2010 anatseka misewu kwa masabata pafupifupi atatu, ndipo mwa zimene ankafuna kuboma munali kuteteza maonekedwe a phirilo komanso mafakitale oti apereke ntchito zina. Ine ndikuona kuti zofuna ziwirizi sizingalekanitsidwe. Chigawo cha Potosí ndi chimodzi mwa zosauka kwambiri m'Bolivia, ndipo kuuza munthu kuti atuluke m'phiri popanda kumupatsa pogwira n'kumulanga kachiwiri. Komanso nsonga ikadzagwa, oyamba kukwiririka adzakhala okumba omwewo, ndi amayi olondera pakhomo la migodi amene amagona ndi ana awo m'tinyumba ta m'mbali mwa phiri.

Pakadali pano, m'mawa uliwonse msika wa Calvario, kumtunda kwa mzinda, umadzaza ndi amuna ovala zipewa zolimba za nyali pamphumi. Amagula masamba a coca otafuna tsiku lonse m'malo mwa nkhomaliro, kabotolo ka mowa wa Tío, ndi dainamaiti yemwe amagulitsidwa poyera pa kauntala, kenako amakwera basi yopita kuphiri.