Njoka ikaluma: musamange, musateme mphini, musachedwe

Uthengawu ukupita kwa inu a m'madera otentha ndi ouma, ku Chigwa cha Shire monga Chikwawa ndi Nsanje, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi Salima, komanso kwa inu amene mwamanga pa mapuloti atsopano kunja kwa tauni, pamalo poti dzana lomweli panali tchire ndi zulu. Mvula yoyamba ikangogwa pambuyo pa dzuwa la mu Okotobala, ngumbi zimatuluka, achule amabwerera ngumbizo, njoka n'kubwerera achule. Ife a zaumoyo nyengoyi timaidziwira pa miyendo yotupa imene imayamba kutipeza.

Chatilembetsa ndi mphekesera yomwe yafala m'midzi ndi pa WhatsApp. Akuti munthu wolumidwa ndi njoka akabayidwa jekeseni kuchipatala amamwalira, ndiye ayambe wapita kwa asing'anga akamuchotse "mano a njoka". Limeneli ndi bodza, ndipo likupha anthu. Amene mumamva kuti watsirizikira kuchipatala, tafufuzani bwino analumidwa liti. Kawirikawiri mupeza kuti ndi dzulo kapena dzana, ndipo usiku wonse anagona kwa asing'anga. Anaphedwa ndi maola amene anatayika aja, jekeseni yangosenza mlandu.

Vutoli si la kwathu kokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 5.4 miliyoni amalumidwa ndi njoka, ndipo pakati pa 81,000 ndi 138,000 amamwalira. Olumala ndi odulidwa ziwalo amachuluka pafupifupi katatu kuposa omwalirawo. Mu 2017 bungweli linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha.

Njoka zake

Mayina amasiyana dera ndi dera, choncho tingonena mwachidule zimene poizoni wake amachita.

Mphiri aliyense amaidziwa: yonenepa, yaifupi, yaulesi, mtundu wake ngati masamba ouma. Siithawa. Imangogona m'njira kapena mu mzere wa m'munda mpaka mutaiponda. Poizoni wake amawononga mnofu, mwendo umatupa kukwera m'mwamba, pamatuluka matuza, kenako pamayamba kuwola. Njoka yolavulira m'maso ija nayonso imawoletsa mnofu ikaluma, ndipo ili ndi khalidwe loipa lolowa m'nyumba usiku n'kuluma anthu ali mtulo, makamaka ogona pansi. Palinso kanjoka kakuda, kakang'ono, kokhala m'nthaka, kamene kamatuluka usiku mvula ikagwa. Anyamata amakanyoza n'kukagwira pakhosi, koma mano ake amabaya cham'mbali, ndipo ena zala zinawathera pomwepo.

Mbobo ndi zinzake zina poizoni wake amagwira mitsempha. Pabala sipatupa kwenikweni, mwina osatupa n'komwe. Munthu amayamba kulemera zikope ngati ali ndi tulo, lilime limalemera, malovu amangotuluka chifukwa akulephera kumeza, kenako kupuma kumavuta. Zimenezi zitha kuchitika ola lisanathe. Ndiye tiuzeni, ngati ola limenelo mwathera kufunafuna muzu kutchire, munthuyu apumira chiyani?

Njoka zina za m'mitengo, monga nalikukuti, zimachititsa kuti magazi asaundane. Zimenezi ndi zonyenga kwambiri. Munthu amaoneka bwinobwino tsiku lonse, amadya nsima, amaseka, abale n'kumati mankhwala a agogo agwira. Mawa lake magazi ayamba kutuluka m'nkhama, m'mphuno, mu mkodzo, ndiponso mu mphini zonse zimene anamutema zija.

"Nanga bwanji uje anachira kwa asing'anga?"

Funso limeneli timalimva pa msonkhano uliwonse, ndipo ndi funso labwino. Njoka zambiri zimene timakumana nazo zilibe poizoni woopsa. Ngakhale yoopsayo, nthawi zina imangoluma moopseza osathira poizoni. Munthu wotereyu achira basi, kaya mwamupatsa muzu, kaya phala, kaya simunamupatse kanthu. Asing'anga amalandira nkhuku yawo, mbiri n'kumveka mudzi wonse. Koma poizoni akalowadi m'thupi, palibe muzu, mwala wakuda, makala kapena pemphero la pa madzi limene lingamutulutse. Tsoka lake, pa ola loyamba inu simungasiyanitse wolumidwa mwamwayi ndi amene poizoni wamulowa. Ngakhale ife sitisiyanitsa ndi maso okha. N'chifukwa chake timamugoneka wodwala tsiku lathunthu tikumuyang'anira, timalemba chizindikiro pamene kutupa kwafika kuti tione ngati kukukwera, ndipo timaika magazi ake m'kabotolo kagalasi kwa mphindi 20 kuti tione ngati aundana.

Za "mano" amene amakuonetsani m'dzanja atayamwa pabala, dziwani kuti poizoni ndi madzi, amalowa ngati mankhwala a m'jekeseni. Palibe dzino loti likachoka munthu wapulumuka.

Ena amati njokayi ndi yotumidwa, ya kuchipatala siingathandize. Sitikukanganani nanu pa zimene mumakhulupirira. Kaya yatumidwa kaya yabwera yokha kudzasaka makoswe, poizoni wake ndi yemweyo ndipo mankhwala ake ndi omwewo. Nkhani ya amene waitumayo mukaikamba bwino wodwala atachira. Amene akufuna kupemphera apemphere ali pa njinga, ulendo uli mkati.

Ndikuuzeni za mwana wina, mnyamata wa sukulu ya pulayimale, amene anatipeza tsiku lachitatu. Anapisa dzanja ku una pokumba mbewa. Bambo ake, pofuna kumupulumutsa, anamanga legeni pamkono mothinitsa, n'kupita naye kukatemedwa mphini. Pofika kwa ife legeni ija inali italowa m'mnofu, zala zitada bii, zozizira, mphini zitapakidwa zakuda zosakaniza ndi mafuta, fungo lili guu chipinda chonse. Bamboyo anangoti, "Adokotala, tinkati tiyambe taona kaye." Sanali munthu woipa, anachita zimene anaphunzitsidwa ali mwana. Mwanayo moyo anapulumuka, dzanja silinapulumuke. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mbali yaikulu ya chiwonongekocho inachokera ku legeni ija.

Zoyenera kuchita

Chokani pamene pali njokayo. Musaithamangitse, musalimbane ndi kuipha kuti mubwere nayo. Anthu ambiri alumidwa kachiwiri pochita zimenezi, ndipo mutu wa njoka yongophedwa kumene umatha kulumabe. Ngati munaiona, mudzangotifotokozera maonekedwe ake. Ngati simunaione, bweranibe.

Wolumidwayo akhale pansi, mumulimbitse mtima, asathamange, chifukwa kuthamanga kumafulumizitsa poizoni kuyenda m'thupi. Muvuleni mphete, zibangili, wotchi, nsapato ndi chilichonse chothina kutupa kusanayambe. Ikani kathabwa kapena ndodo m'mbali mwa mwendo kapena mkono wolumidwawo, n'kukulunga ndi chitenje momasuka, cholinga chiwalocho chisamagwedezeke. Momasuka, tikubwereza. Onani nthawi imene walumidwa, muikumbukire. Kenako nyamukani.

Musamuyendetse pansi ngati pali njira ina. Munyamuleni pa machira, pa ngolo, pa galimoto. Ngati ndi kabaza ya njinga yamoto, wina akhale kumbuyo kwake amugwire, chifukwa angafooke panjira n'kugwa. Akayamba kusanza kapena kuwodzera, mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe.

Musamange ndi legeni, luzi, chingwe kapena mpango. Musateme. Musayamwe. Musawotche ndi moto, musathire petulo, palafini kapena madzi a batire. Musamumwetse kachasu, mkodzo kapena mankhwala osanzitsa. Ngati ululu wachuluka mupatseni panado yekha. Asipirini, bulufeni ndi indosidi ayi, chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Ngati wina wamanga kale mothinitsa ndipo papita nthawi, fulumirani kuchipatala mukawauze kuti munamanga nthawi yanji, akamasule ndi iwowo ali okonzeka.

Tikudziwa chimene ena munene: "Tikapita pa chipatala chathu chaching'ono akatiuza kuti mankhwala a njoka palibe." N'zoona kuti mankhwala othana ndi poizoni wa njoka ndi odula ndipo sapezeka paliponse. Komabe pitani. Pamenepo akamuika diripi, akamuthandiza kupuma, akatsuka bala, akamubaya katemera wa kafumbata, ndipo akadziwa koti amutumize, ku chipatala cha boma kapena ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Munthu wolumidwa ndi mbobo atha kupulumuka chifukwa chongothandizidwa kupuma mpaka poizoni atachepa mphamvu. Thandizo lotere kwa asing'anga kulibe.

Tinenenso chilungamo pa jekeseni ija. Mankhwala a njoka anthu ena amawawenga: thupi limayabwa, pamatuluka zidzolo, mwina kubanika. N'chifukwa chake amaperekedwa kuchipatala kokha, pang'onopang'ono, namwino ali pompo ndi mankhwala oletsa zimenezo. Mwina mphekesera ija inachokera pamenepa. Koma kuwengako timakudziwa ndipo timathana nako, pamene mwendo wowola sitingaubwezere. Mwana asachedwetsedwe ngakhale pang'ono, chifukwa njoka imathira poizoni wofanana kwa mwana ndi kwa wamkulu, koma thupi la mwana ndi laling'ono. Mayi woyembekezera chimodzimodzi, pali miyoyo iwiri.

Ikakulavulirani m'maso, tsukani nthawi yomweyo ndi madzi ambiri aukhondo, kuthira mosalekeza kwa mphindi 15 kapena 20, diso lili chitsegulire. Musatikite. Musafinyiremo masamba, fodya kapena mandimu. Mukatha pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mukuona bwino, chifukwa diso limatha kuchita chilonda mkati.

Zinkhanira

Chinkhanira chikaluma munthu wamkulu, nthawi zambiri chimangosiya ululu woopsa umene umatha pakapita maola. Tsukani, ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, imwani panado. Chenjerani ndi chinkhanira cha mchira wonenepa ndi zopanira zowonda, chimenecho ndiye choopsa kuposa cha zopanira zikuluzikulu. Mwana aliyense wamng'ono akalumidwa ndi chinkhanira apite kuchipatala, musadikire. Wamkulu naye afulumire kupita kuchipatala akayamba kutuluka thukuta kwambiri, kudza malovu, kunjenjemera, kulephera kumeza kapena kupuma. Zopsereza chinkhanira n'kupaka phulusa lake pabala zija zilibe ntchito, zimangodya nthawi. Kutumulani nsapato, zovala ndi zofunda musanagwiritse ntchito, makamaka za ana zimene zagona pansi.

Pakhomo

Njoka imabwera pakhomo chifukwa yapezapo chakudya ndi pobisala. Matumba a chimanga mukawasunga m'chipinda chogona, makoswe abwera, ndipo wotsatira makoswe mukumudziwa. Khola la nkhuku likhale patali ndi nyumba. Milu ya njerwa, malata akale, nkhuni ndi zinyalala zisatsamire khoma. Inu a mapuloti atsopano, uvuni wa njerwa umene wakhala zaka ziwiri kuseri kwa nyumba uja ndi mudzi wa njoka, ndipo ana anu amasewera pomwepo. Lambulani udzu, tsekani maenje ndi ming'alu, ikani kanthu pa mpata wa pansi pa chitseko.

Usiku yendani ndi tochi, ngakhale ya pa foni, popita kuchimbudzi, ndipo valani nsapato. Kumunda, pososa ndi pokolola, jombo zimathandiza, ndipo mulu wa mapesi muyambe mwautakasa ndi ndodo musanaunyamule. Ana auzidwe kuti dzanja salowetsa ku una, pachulu kapena m'phanga la mtengo. Gonani m'neti yomwe ija ya udzudzu, yopisiridwa bwino pansi pa mphasa kapena matiresi, ngakhale masiku otentha amene mumagona pakhonde. Madzi akasefukira, monga zimachitikira ku Chigwa cha Shire, njoka nazo zimathawira kumtunda komwe anthu athawira, choncho pobwerera m'nyumba yang'anani kudenga ndi m'makona. Oyilo wakuda ndi matayala owotcha amene ena amathira kuzungulira nyumba sathamangitsa njoka, amangowononga nthaka ndi madzi a pachitsime. Ndipo si njoka iliyonse yofunika chibonga. Mukaiona panja ikudutsa, imani, bwererani m'mbuyo, ipatseni njira. Zambiri zimatidyera makoswe.

Mafumu, anyakwawa, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, tithandizeni kulengeza uthengawu pa maliro ndi pa misonkhano. Asing'anga athu, tikukupemphani mwaulemu: wolumidwa ndi njoka akakupezani, musamugoneke, mutumizeni kwa ife nthawi yomweyo, ngati n'kotheka mumuperekeze. Banja lililonse lisunge mu foni nambala ya wakabaza amene amadzuka usiku, ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndi kandalama ka mafuta a njinga kobisika penapake. Ngati bambo kulibe, mayi asadikire chilolezo, ndipo ngati ndi pakati pa usiku, musadikire kuti kuche.