Mkangano wa zaka 1,000 za ufumu wa Khristu ndi njira zomwe unadzera kufika ku Lusaka

Ndime zoyambirira za chaputala 20 cha buku la Chivumbulutso sizidzaza ngakhale tsamba limodzi, koma zakhala zikugawanitsa Akhristu kwa zaka zoposa 1,800. Wolemba bukuli akuti anaona mngelo akutsika kumwamba ali ndi kiyi wa phompho ndi unyolo waukulu m'dzanja lake, ndipo mngeloyo anagwira chinjoka, chomwe ndi Satana, n'kuchimanga zaka 1,000 kuti chisanyengenso mitundu ya anthu. Kenako anaona anthu amene anadulidwa mitu chifukwa cha umboni wa Yesu ali moyo, akulamulira pamodzi ndi Khristu zaka 1,000 zomwezo, ndipo uku akukutcha kuuka koyamba. Palibenso malo ena m'Baibulo pamene ulamuliro wa Khristu wapatsidwa nthawi yotereyi, n'chifukwa chake owerenga akhala akufunsana ngati Khristu adzabwera zakazo zisanayambe kapena zitatha, ngati ufumuwo udzakhala pansi pano kapena kumwamba, ndiponso ngati nambalayo ndi yowerengera pa kalendala kapena ndi chiphiphiritso chabe.

Munthu woyenda m'makomboni a Matero, Chawama kapena Mtendere amadutsa mayankho onsewa asanatope, pakuti tchalitchi cha Asabata, Nyumba ya Ufumu ya Mboni za Yehova, mpingo wa New Apostolic, wa Reformed, wa Katolika ndi tenti ya Apentekoste zimakhala moyandikana. Ambiri amaona ngati kusiyana kumeneku ndi nkhani ya kusukulu za ubusa basi. Mbiri ya dziko lino ikusonyeza zina: nthawi zonse pamene anthu wamba alalikira kuti Khristu ali pafupi kudzalamulira pansi pano, a boma amamva ngati akuuzidwa kuti masiku awo atha, ndipo amachitapo kanthu.

Mbali yaikulu ya mkanganowu inachitikira mu Africa momwe muno, azungu a mishoni asanabadwe n'komwe. Akhristu ambiri a m'zaka za m'ma 100 ankayembekezera ufumu wooneka ndi maso. Justin, amene anaphedwera chikhulupiriro ku Roma, analemba kuti iye ankayembekezera zaka 1,000 mu Yerusalemu womangidwanso, ngakhale anavomereza kuti kunali Akhristu ena oona mtima omwe sankaganiza choncho. Irenaeus wa ku Lyon anasunga mawu a Papias ofotokoza chonde cha nthawi imeneyo, kuti mpesa umodzi udzakhala ndi nthambi 10,000 ndipo nthambi iliyonse idzakhala ndi mphukira 10,000. Sizodabwitsa kuti anthu ozunzidwa, amene ankaona anzawo akuponyedwa kwa zilombo, ankafuna kuti chilungamo chidzaonekere pa nthaka yomweyo imene inamwa magazi awo. Tertullian wa ku Carthage nayenso anagwira chiyembekezo chomwechi, koma ku Alexandria Origen anachikana, ponena kuti malonjezo a Mulungu sayenera kumvedwa ngati malonjezo a chakudya ndi chakumwa.

Nkhani imene ine ndimaikonda pa zonsezi inachitika m'dera la Arsinoe ku Egypt m'zaka za m'ma 200. Episkopi wina dzina lake Nepos analemba buku lotsutsa anthu omasulira malemba mophiphiritsa, ndipo iye atamwalira mipingo ya kumidzi inagawanika chifukwa cha bukulo. Dionysius, episkopi wa ku Alexandria, sanatumize kalata yowachotsa mumpingo. Anapita yekha, n'kuitanitsa akulu ndi aphunzitsi a m'midzimo, ndipo anakhala nawo masiku atatu kuyambira m'mawa mpaka madzulo akusanthula bukulo mfundo ndi mfundo, kufikira mtsogoleri wawo Coracion anavomera pamaso pa onse kuti sadzaphunzitsanso zimenezo. Pa mikangano yonse imene yabuka pa nkhaniyi, ndi yochepa kwambiri imene inatha mwaulemu chonchi.

Amene anatembenuza maganizo a mpingo wa kumadzulo ndi Augustine wa ku Hippo, mzinda womwe lero ndi Annaba ku Algeria. Pofika nthawi yake mafumu a Roma anali atasiya kuzunza Akhristu kuyambira mu 313, ndipo Chikhristu chinali chitasanduka chipembedzo cha boma. M'buku lake la Mzinda wa Mulungu, lomwe anayamba kulemba mzinda wa Roma utafunkhidwa mu 410, iye anatsatira njira ya Tyconius, Mkhristu mnzake wa kumpoto kwa Africa, n'kuphunzitsa kuti zaka 1,000 zikuimira nthawi yonse ya mpingo kuyambira kubwera koyamba kwa Khristu mpaka kubwera kwachiwiri. Kuuka koyamba, malinga ndi iye, ndi kuuka kwa mzimu wa munthu amene wakhulupirira, ndipo Satana anamangidwa kale monga munthu wamphamvu uja wa m'fanizo la Yesu, amene amayamba wamangidwa katundu wake asanalandidwe. Alaliki otsatira maganizowa akafunsidwa chifukwa chake zoipa zikuchulukabe, amakonda kuyankha kuti galu womangidwa pa chingwe amalumabe aliyense wolowa pamene chingwecho chikufika. Chiphunzitso chimenechi chinakhazikika kwa zaka zoposa 1,000, ndipo atsogoleri a kukonzanso mpingo sanachisinthe. Chivomerezo cha Augsburg cha mu 1530 chinatsutsa maganizo akuti oyera mtima adzalanda ufumu wa dziko akufa asanauke, ndipo zimene zinachitika ku Münster mu 1534 ndi 1535, pamene gulu lina linalanda mzindawo n'kuutcha Yerusalemu Watsopano mpaka linaphedwa mwankhanza, zinapangitsa mafumu ndi abusa omwe kuopa aliyense wolalikira ufumu wapansi pano.

Mtsinje umenewu wa chiphunzitso cha Augustine ndi umene unafika Kum'mawa kwa Zambia ndi amishoni a Dutch Reformed, amene anatsegula Magwero mu 1899, ndiponso ndi ansembe a Katolika. Anthu a ku Chipata, Katete ndi Petauke amene anasamukira ku Lusaka anabwera ndi chikhulupiriro chosawerengera masiku, chongonena mawu a m'Chikhulupiriro cha Atumwi akuti Khristu adzabwera kudzaweruza amoyo ndi akufa. Mpingo wa Katolika unanena poyera mu 1944 kuti chiphunzitso cha ufumu wooneka wa Khristu pansi pano chiweruzo chisanafike sichingaphunzitsidwe popanda chiopsezo, ndipo katekisimu wake wa masiku ano akubwereza zomwezo. Panalinso maganizo ena pakati pa amishoni ambiri a m'zaka za m'ma 1800, akuti uthenga wabwino, sukulu ndi malonda oongoka zidzasintha dziko pang'onopang'ono mpaka nyengo ya mtendere itafika, ndipo Khristu adzabwera pamapeto pake. David Livingstone, amene anamwalira kwa Chitambo mu 1873, anali ndi chiyembekezo cha mtundu umenewu, koma nkhondo ya 1914 inachifooketsa kwambiri.

Mtsinje wachiwiri unachokera ku America ndi ku Britain. William Miller anawerengera maulosi a Danieli, ndipo omutsatira anadikira kubwera kwa Khristu pa 22 Okutobala 1844. Mwa amene anakhumudwa tsiku limenelo munatuluka mpingo wa Seventh-day Adventist, womwe unakhazikitsidwa mu 1863, n'kufika ku Malamulo mu 1902 ndi ku Rusangu pafupi ndi Monze mu 1905. Asabata amaphunzitsa kuti Khristu akadzabwera oyera mtima adzapita kumwamba kwa zaka 1,000, dziko lidzatsala bwinja, ndipo kumangidwa kwa Satana n'kwakuti sadzakhala ndi munthu woti amuyese. John Nelson Darby anaphunzitsa kuti mpingo udzakwatulidwa chisautso chachikulu chisanafike, kenako Khristu adzalamulira ku Yerusalemu, ndipo Baibulo la Scofield la mu 1909 linafalitsa maganizowa, omwe lero ndi ofala m'mipingo yambiri ya Chipentekoste ya mu Lusaka. Koma amene anagwedeza maboma a kuno ndi Charles Taze Russell, yemwe anayamba kusindikiza magazini ya Watch Tower mu 1879 ndipo ankaloza ku chaka cha 1914 ngati mapeto a maulamuliro a anthu.

Uthenga wa Russell sunabwere ndi mmishoni wokhala pa mishoni ya njerwa, unabwera ndi anthu obwerera kuchokera ku ntchito. Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nyasaland (komwe lero ndi Malawi) amene anaphunzira ku Livingstonia, anakumana ndi Joseph Booth, mmishoni amene ankafalitsa ziphunzitso za Russell, ku Cape Town, ndipo atabwerera kwawo kumapeto kwa 1908 anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yowerengeka m'dera la Nkhata Bay. Zifukwa zake sizovuta kuziona. Ku mishoni munthu ankadikira zaka m'kalasi asanabatizidwe, pamene Kamwana ankabatiza tsiku lomwelo, ndipo ankalonjeza kuti mu 1914 msonkho udzatha pamodzi ndi ulamuliro wa atsamunda. Boma linamugwira mu 1909 n'kumuchotsa m'dzikomo, ndipo sanaloledwe kubwerera kwawo mpaka mu 1937, koma mabuku anali atalowa kale m'mitolo ya anthu opita ku migodi ya ku Southern Rhodesia.

Kuchokera kumeneko Chitawala, dzina limene anthu anapatsa magulu otsatira mabuku a Watch Tower, chinalowa mu Northern Rhodesia. Hanoc Sindano atathamangitsidwa ku Southern Rhodesia mu 1917 analalikira m'dera la Isoka, pa nthawi imene anthu anali atatopa ndi utengatenga wa nkhondo, ndipo omutsatira anayamba kukana kumvera mafumu ndi amithenga a boma. Asilikali a Germany atalowa m'dzikoli mu Novembala 1918, azungu a boma n'kuthawa ku Kasama, anthu ambiri anaona ngati ulosi wakwaniritsidwa pamaso pawo. Chaka chotsatira anthu oposa 100 anazengedwa milandu. Choipitsitsa chinachitika mu 1925, pamene Tomo Nyirenda, wodzitcha Mwana Lesa, anasandutsa ubatizo kukhala njira yogwirira mfiti pakati pa Alala, n'kumiza anthu ambiri m'madzi. Iye ananyongedwa ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, mu 1926. Likulu la Watch Tower linakana kuti magulu amenewa ndi ake, ndipo kunena zoona ambiri mwa iwo ankangotenga m'mabukuwo zimene zinkagwirizana ndi mavuto awo. Komabe ogwira ntchito m'migodi atanyanyala mu Meyi 1935 chifukwa cha kukwera kwa msonkho, ndipo anthu 6 ataphedwa ku Luanshya, bungwe lofufuza linaloza chala Watch Tower ngati chimodzi mwa zoyambitsa. M'chaka chomwecho Lusaka inakhala likulu la dziko, ndipo mu 1936 boma linalola kuti mumzindawu mutsegulidwe malo osungira mabuku a Watch Tower oyang'aniridwa ndi mzungu, poganiza kuti kuli bwino gululi likhale ndi woliyang'anira kusiyana ndi kulisiya m'manja mwa aneneri a m'midzi.

Ufulu wa 1964 sunathetse vutoli, pakuti boma latsopano linkafuna kukhulupirika koonekera kuposa momwe atsamunda ankafunira. Mboni za Yehova, monga momwe otsatira Watch Tower amadziwikira lero, zimakhulupirira kuti Khristu anayamba kulamulira kumwamba mu 1914, kuti anthu 144,000 adzalamulira naye, ndipo pambuyo pa Aramagedo dziko lidzasanduka paradaiso m'kati mwa zaka 1,000. Munthu amene ufumu wake ndi boma lenileni lomwe lilipo kale savota, sagula kadi ya chipani ndipo saimba nyimbo ya fuko. Ana ambiri anachotsedwa sukulu pa chifukwa chimenechi, ndipo pa mlandu wa mmodzi mwa anawo, Feliya Kachasu, mu 1967 khoti lalikulu linagamula mokomera boma. Ku Malawi gululi linaletsedwa m'chaka chomwecho, ndipo mu 1972 anthu zikwi zambiri anathawira ku Sinda Misale, Kum'mawa kwa Zambia, kumene ambiri anamwalira ndi matenda asanabwezedwe kwawo. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ine sindigwirizana ndi kuwerengera kwa 1914, koma sindiona chimene dziko linapindula pothamangitsa mwana m'kalasi chifukwa chotseka pakamwa pa nthawi ya nyimbo.

Masiku ano kusiyanaku kumamveka kwambiri pa maliro, chifukwa mabanja ambiri a mu Lusaka ali ndi mipingo itatu kapena inayi m'nyumba imodzi. Usiku pa nyumba ya maliro, amuna ali panja mozungulira mbaula, amayi a chigwirizano atavala yunifomu yawo amaimba kuti malemu afika kwa Ambuye ndipo akupumula. M'mawa ku manda a Chingwere mkulu wa Asabata, amene ndi mlamu wa banjalo, akapatsidwa mpata amanena modekha kuti malemu ali m'tulo, sakudziwa kanthu, ndipo adzadzuka pa kuuka koyamba lipenga likadzalira. Azakhali a Mboni salowa nawo m'nyimbozo, koma pambuyo pake amakhala pafupi ndi namfedwa n'kumuuza kuti, "Amayi, mudzawaonanso pansi pompano, ali ndi thupi lamphamvu." Onsewa akuwerenga chaputala chimodzi, ndipo akuluakulu a banja amadziwa kugawa nthawi mwanzeru kuti pasabuke mkangano pamaso pa bokosi.

Chatsopano pa mbiriyi chinabwera pa 29 Disembala 1991, pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza ku State House kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, mawu omwe analowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko mu 1996. Amene anasangalala kwambiri anali Apentekoste, ngakhale kuti chiphunzitso chimene ambiri a iwo analandira chimati dziko lidzaipiraipira mpaka mkwatulo. Motero mlaliki mmodzi amatha kuchenjeza m'mawa kuti Wokana Khristu ali pakhomo, madzulo n'kulimbikitsa okhulupirira kulowa m'ndale ndi m'malonda kuti dziko lilamulidwe ndi ana a Mulungu, zomwe zikufanana kwambiri ndi chiyembekezo cha amishoni a nthawi ya Livingstone kusiyana ndi cha Darby. Maepiskopi a Katolika ndi bungwe la mipingo la Christian Council of Zambia anadandaula kuti sanafunsidwe chilengezocho chisanachitike, ndipo Akatolika anapitiriza kukayikira ngati n'koyenera kuti boma lidzitche lachikhristu. Mboni za Yehova zinangokhala pambali monga mwa nthawi zonse, pamene Asabata, amene amaphunzitsa kuti m'masiku otsiriza boma ndi chipembedzo zidzagwirizana pokakamiza anthu kupembedza Lamulungu, ali ndi chifukwa chawochawo choyang'anitsitsa mgwirizano uliwonse wa mtundu umenewu, ngakhale kuti mu 2021 mmodzi wa iwo, Hakainde Hichilema, ndiye analowa ku State House.