Munda ukakwiririka ndi mchenga, kumbani kaye musanagule feteleza

Chaka chilichonse madzi akaphwa m'zigwa za m'munsi mwa phiri la Mulanje, alimi amabwera kwa ife alangizi ndi funso limodzimodzi: "Alangizi, mchenga wakwirira munda wanga, ndithiremo matumba angati?" Funsoli limandiwawa mtima, chifukwa wofunsayo amakhala atatsimikiza kale kuti mankhwala a mchenga ndi feteleza. Ena amafika atagulitsa kale mbuzi. Ndikawafunsa kuti mchengawo ndi wozama bwanji, amangondiyang'ana. Sanakumbe n'komwe.

Mitsinje ngati Likhubula, Ruo, Lichenya, Thuchila ndi Phalombe imatsika m'phiri ndi liwiro lalikulu, itasenza chilichonse. Ikafika pachigwa mphamvu imatha, ndipo imayamba kutula katundu wolemera: miyala kaye, kenako nsangalabwi, kenako mchenga. Matope osalala aja, amene ali ndi chonde, amapitirira ndi madzi n'kukatera kutali kumunsi kumene madzi adekha. N'chifukwa chake mawu akuti "chigumula chimabweretsa chonde" ndi oona kwa wa kumunsi, koma wa m'mphepete mwa phiri amatsala ndi mchenga woyera wopanda kanthu. Anthu a ku Phalombe anaziona mu March 1991 pamene Napolo anatsika m'phiri la Michesi, ndipo namondwe wa Freddy anabwerezanso mu March 2023.

Mchenga uli ndi ubwino wake. Khasu limalowa mosavuta, madzi sadikha, ndipo mbewu zobereka pansi zimatambasuka bwino. Vuto lake n'lakuti sugwira kanthu. Makande ndi katondo zimasunga madzi ndi chakudya cha mbewu, pamene mchenga umangozilola kudutsa. Feteleza wa Urea ali ndi nayitirojeni wokwana 46 pa 100 aliwonse, ndipo amasungunuka msanga. Mukamuthira yense nthawi imodzi pamchenga, mvula yamphamvu ikangogwa kawiri, chakudyacho chatsika kale kumene mizu ya chimanga chaching'ono siifika. Kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Pali mayi wina wamasiye amene nkhani yake sindimaiwala. Dimba lake linali m'mbali mwa mtsinje, dothi lakuda labwino limene linkadyetsa ana ake ndi kuwalipirira sukulu. Madzi atadutsa anasiya mchenga wofika m'mawondo. Mayiyo anatenga ngongole ku banki m'khonde, nagula feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, nabzala chimanga monga ankachitira kale. Chinamera bwino, chifukwa pamchenga wonyowa mbewu imamera ndithu. Patapita masabata ochepa chinasanduka chachikasu. Iye anaganiza kuti feteleza wachepa, nakongolanso, nathiranso. Pamene ndinkafika, chimanga chinali chitamasula ngayaye chili chofika m'chiuno. Tinakumba dzenje limodzi lokha, ndipo dothi lake lakale lija tinalipeza lili pansi, lakuda, lonyowa, koma mizu inali isanalikhudze n'komwe. Chimene chimandipweteka n'chakuti kumtunda kwa dimba lomwelo mchenga unali wosapitirira chikhatho. Akanatembenuza chigawo chimenecho n'kubzala chimanga pamenepo, kumunsi n'kuika mbatata, akanakolola, ndipo ngongole yachiwiri ija sakanaitenga. Anabweza pogulitsa malata a nyumba.

Choncho kumbani. Kumbani maenje angapo, kumtunda, pakati ndi kumunsi, chifukwa madzi satula mchenga mofanana. Dothi la m'zigwazi limakhala losanjikizana, mchenga pamwamba, dothi lakuda pansi, mwina nsangalabwi pansi pakenso, chigumula chilichonse ndi chizindikiro chake. Ngati mchenga sukupitirira masentimita 15 kapena 20, tembenuzani mozama kuti usakanikirane ndi dothi lakale. Pamakande olimba kusakaniza kotere kumafewetsa nthaka. Ngati wafika pachigongono kapena kuposa, iwalani za chimanga cha m'mizere chaka chino. Kumbani mapando ofika padothi lakale, dzazanimo manyowa owola bwino, mubzale maungu kapena mavwende. Pena ponse pangani mitumbira ya mbatata. Mitundu yofiira m'kati ngati Kaphulira ndi Kadyaubwerere imachita bwino pamchenga wa chinyontho, ndipo ana amapezamo vitamini A. Chinangwa, khobwe ndi mtedza nazonso zimapirira. Nandolo ali ndi muzu wautali umene umatsika kukafuna dothi lokwiririka, ndipo masamba ake akayoyoka amayamba kumanga chonde pamwamba.

Feteleza sindikumukana. Ndikuti pamchenga athiridwe pang'onopang'ono, wobereketsa mumugawe kawiri kapena katatu, mumukwirire, ndipo pansi pakhale manyowa oti amugwire. Manyowa ndiwo amagwira ntchito imene mchenga sungathe. Mapesi musatenthe, phimbirani nawo nthaka, chifukwa mchenga wapamtunda umatentha kwambiri m'miyezi ya September ndi October mpaka kuwotcha mbande. Ndipo amene mumathirira ndi kheni kapena pampu yopalasa, thirirani madzi ochepa pafupipafupi. Kukhuthula madzi ambiri kamodzi pasabata n'kutsuka feteleza wanu ndi manja anu omwe. Tomato musamubwereze pamalo amodzi, popeza tinyongolotsi totupitsa mizu timakonda kwambiri dothi la mchenga.

Tsopano za ochenjera amene amatulukira madzi akangophwa. Amayenda m'misika ndi timabotolo topanda chizindikiro, akuti ukapopera masamba chimanga chimabiriwira ngakhale pamchenga. Mwina chibiriwira masiku ochepa, koma palibe botolo limene lingasandutse mchenga wofika m'mawondo kukhala dothi. Ena amagulitsa feteleza wapambale amene sudziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, thumba losokedwa bwino, ndipo tengani lisiti. Wina akakuuzani kuti nthaka yanu ikufuna laimu asanaiyeze, musamumvere. N'zoona kuti nthaka zambiri za ku Mulanje n'zowawasa chifukwa cha mvula yambiri, koma pamchenga laimu wochuluka amawononga msanga. Pitani kwa mlangizi wa kudera lanu akuthandizeni kutumiza dothi kukayezetsa kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe kapena ku Chitedze.

Palinso a malole ofuna mchenga womangira. Kuchotsa mchenga umene wakwirira munda si kulakwa, ngati mukudziwa polekezera. Koma iwo sakonda wa pakati pamunda, amafuna wa m'gombe ndi wa mumtsinje, wotsukika kale. Akakumba pamenepo gombe limagumuka, ndipo mvula yotsatira mtsinje umadzera m'dimba mwanu ndi mwa anzanu a kumunsi amene sanalandireko ngakhale tambala. Gombe lisiyireni bango, nsenjere, nsungwi ndi vetiva. Zimenezi zimachepetsa liwiro la madzi, mchenga n'kutsalira m'mphepete osafika pambewu. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akulima mpaka phazi lake likuponda m'madzi.

Chimene ndikuopa kwambiri chaka chino ndi kuchedwa. Chinyontho cha pamchenga sichidikira munthu. Madzi akaphwa mu April, pofika June pamwamba pauma, ndipo mbatata yobzalidwa mochedwa imangokhala zingwe. Ambiri amakhala pansi kudikira thandizo la mbewu, likafika chinyezi chatsika kale. Pemphani mphukira za mbatata kwa achibale a kumtunda amene minda yawo inapulumuka, mubzale sabata ino. Dzenje la kompositi nalonso muyambe lero, chifukwa kuti manyowa awole bwino pamafunika miyezi iwiri kapena itatu, ndipo amene ayambe mu October mvula idzawapeza manyowa ali aawisi.