Bondo likamapweteka pa njinga, yambani mwaona phazi

Kuchipinda cha mafizo kumabwera opalasa njinga ambiri akudandaula bondo. Ndisanaligwire bondolo, ndimayamba ndapempha kuona nsapato imene amapalasira, ndipo ena amadabwa. Mphamvu yonse yochokera m'ntchafu ndi m'matako imafika pa tcheni podzera pa kamalo kakang'ono kamene phazi lakhudza chopondera. Wampikisano amazunguza miyendo maulendo pafupifupi 90 pa mphindi, ndiye kuti maulendo 5,400 pa ola limodzi. Phazi likamagwera m'kati pang'ono pokha nthawi iliyonse mwaponda, bondo nalo limapendekera komweko, ndipo pofika madzulo lolira ndi bondolo.

N'chifukwa chake nsapato ya njinga ili ndi soli youma gwa, ya nayiloni kapena kaboni, yosapindika ngati ya nsapato yothamangira. Soli youma imamwaza kulemera ku phazi lonse, kuti tifupa ta kuseri kwa zala tisamafinyike malo amodzi mpaka kuchita dzanzi kapena kutentha. Kumbuyo kwake imagwira chidendene kuti chisamavuuke. Pansi pake pamamangidwa kachitsulo kapena kapulasitiki kotchedwa cleat, kamene kamakola pa chopondera. Kampani ya Look ya ku France inabweretsa zopondera zoterezi mu 1984, potengera zomangira nsapato za maseŵera otsetsereka pa chipale, ndipo katswiri wa njinga Bernard Hinault anapambana nazo mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 1985. Kampani ina ya Shimano inatulutsa zake zotchedwa SPD mu 1990.

Ogulitsa amakonda kunena kuti mukakola phazi muzikokanso chopondera pokwera, ndiye mphamvu ichuluka. Ine sindilimbikitsa zimenezo. Pa liwiro wamba, ntchito yaikulu imachitika popondereza pansi, ndipo kukoka mwadala kumangotopetsa. Phindu lenileni limaoneka pothamanga mwadzidzidzi, pokwera chitunda mutaimirira, ndi pamsewu wa mabampu pamene phazi likanaterereka.

Kukola phazi kulinso ndi msampha wake. Cleat ikamangidwa mokhota, imakakamiza bondo kuyenda njira yolakwika ulendo wonse. Choncho ambiri amafunika yolola chidendene kuseŵera pang'ono. Yachikasu ya Shimano ya njinga za pamsewu imalola madigiri 6, pamene yofiira siilola n'komwe. Woyamba kumene asayerekeze yofiirayo.

Koma mtima wanga uli kwa anyamata a kabaza, amene amapalasa maola ambiri kuposa ampikisano, atanyamula munthu kapena thumba la chimanga. Ambiri amavala patapata, pa chopondera chimene chinatha kalekale n'kutsala kachitsulo kapakati kokha. Zala zimachita kukwinyika kuti patapata asavuke, phazi limapindika pa kachitsuloko, katumba n'kumagwira ntchito yosayenera. Iwowa safunika nsapato ya madola. Zopondera zatsopano zotambalala, ndi nsapato yotseka ya soli yolimbako ngakhale ya pa kaunjika, yomangidwa zingwe bwino, zimasintha zambiri. Poisankha, ipindeni ndi manja: ikapindika pakati ngati nsima yozizira pa tsamba, isiyeni.

Pokwera, ikani fupa lotukuka la patsinde pa chala chachikulu pamwamba pa kachitsulo ka chopondera, kapena patsogolo pake pang'ono. Onaninso chishalo: chopondera chikafika pansi penipeni, bondo likhale lopindika pang'ono chabe, chiuno chisagwedezeke uku ndi uku.