Sitampu ya kalata ndi sitampu yokolera ndalama: mkangano woyambira mu 1890

Penny Black, sitampu yoyamba padziko lonse, inayamba kugwira ntchito ku Britain pa 6 Meyi 1840, ndipo ntchito yake inali imodzi basi: kusonyeza kuti wotumiza kalata walipiriratu. Kale wolandira kalata ndiye ankalipira kawirikawiri, mtengo n'kumatengera mtunda ndi kuchuluka kwa mapepala. Rowland Hill ndi amene analimbikira kuti zimenezi zisinthe. Pepala limodzi linkakhala ndi masitampu 240 a peni imodzi iliyonse, kutanthauza paundi imodzi ndendende, ndipo kalaliki wa positi ankachita kudula ndi sizasi chifukwa timabowo tong'ambira tinabwera mu 1854. Pa nthawiyo anali ochepa chabe amene ankalota kuti munthu angagule sitampu n'kungoisunga m'buku.

Pofika m'ma 1860 osonkhanitsa masitampu anali atachuluka, ndipo Stanley Gibbons, wogulitsa masitampu wa ku England, anatulutsa mndandanda wake woyamba wa mitengo mu 1865. Apa ndi pamene eni positi anatulukira chinthu chimene chikuvutitsabe mpaka lero. Sitampu yomatidwa pa envulopu imabwera ndi ntchito: kalatayo iyenera kusankhidwa, kunyamulidwa, kuperekedwa. Koma sitampu yogonera m'buku ilibe ntchito iliyonse imene imapatsa positi. Pafupifupi ndalama yonse imakhala phindu.

Woyamba kupezerapo mpata waukulu anali Nicholas Seebeck wa kampani ya Hamilton Bank Note ku New York. Anagwirizana ndi maboma a El Salvador, Honduras ndi Nicaragua, kenako Ecuador, kuti aziwasindikizira masitampu ulere. Ulerewo unali ndi chingwe. Chaka chilichonse masitampu akale ankaleka kugwira ntchito, atsopano n'kutuluka. Otsala onse ankabwerera kwa iye, ndipo anali ndi ufulu wosindikizanso ena pogwiritsa ntchito zitsulo zomwezo kuti agulitse kwa osonkhanitsa. Kuyambira mu 1890 msika unadzaza ndi masitampu okongola amene ambiri mwa iwo sanapondepo n'komwe m'maiko olembedwa pamenepo. Mu 1893 dziko la United States nalo linatulutsa masitampu 16 okumbukira Columbus, okwana madola 16.34 onse pamodzi, ndalama yoposa malipiro a sabata a munthu wamba wa nthawi imeneyo. Osonkhanitsa anatopa nazo. Mu 1895 ku London kunabadwa bungwe la Society for the Suppression of Speculative Stamps, limene linkalengeza masitampu oyenera kuwanyanyala. Silinakhalitse, popeza ogulitsa ena ankadzudzula pakamwa uku akugulitsa mwamseri. Komabe dzina la Seebeck linatsala ngati chitonzo, ndipo mpaka pano kusiyanitsa sitampu yake yoyambirira ndi yosindikizidwanso kumafuna kuyang'ana makulidwe a pepala ndi mtundu wa inki.

Kuno kwathu mbali zonse ziwiri za nkhaniyi zinaoneka m'zaka zomwezo, tsidya lino ndi tsidya lija la nyanja. Masitampu oyamba a British Central Africa (dzina lakale la Malawi), mu 1891, anali a British South Africa Company odindidwa zilembo B.C.A. pamwamba. Mu 1898 masitampu a peni imodzi atasowa, boma linatenga chidindo chotukusira pepala chimene chinkagwiritsidwa ntchito pa macheke, n'kudinda chizindikiro chofiira pakati, mizere yabuluu m'mbali ndi mawu akuti INTERNAL POSTAGE. Sitampu imeneyi si yokongola konse. Inabadwa chifukwa makalata ankafunika kuyenda, ndipo n'chifukwa chake osonkhanitsa amailemekeza. Ochepa amene chizindikiro chapakati chinadindidwa chozondoka ndi amtengo wapatali zedi.

Tsidya lija, Companhia do Niassa, kampani imene inkalamulira kumpoto kwa Mozambique kuchokera kunyanja ya Malawi mpaka kunyanja yamchere kufikira mu 1929, inatulutsa mu 1901 masitampu osindikizidwa ndi Waterlow ku London. Otsika mtengo anali ndi nyamalikiti, okwera mtengo anali ndi ngamila. Ngamila ku Niassa! Wojambulayo ankaganizira mwana wasukulu wa ku Ulaya amene ankafuna kuona Africa wa m'maloto ake, osati munthu wotumiza kalata ku Porto Amélia, tauni ya ku Mozambique imene lero imatchedwa Pemba. Mpaka lero masitampu amenewa osagwiritsidwa ntchito amapezeka mosavuta, koma envulopu yeniyeni yoyenda nawo ndi yosowa.

Mliri waukulu unabwera pakati pa 1964 ndi 1972 m'timaiko ta mafumu ta m'dera la Persian Gulf: Ajman, Fujeira, Umm al Qiwain, Sharjah ndi Ras al Khaima. Amalonda akunja anapatsidwa chilolezo chosindikiza chilichonse chimene angafune. Ngakhale Manama, kamudzi kakang'ono ka Ajman, kanali ndi masitampu akeake. Panatuluka masauzande a mitundu, oonetsa masewero a pachipale, zombo za m'mlengalenga ndi zojambula za ku Ulaya, zinthu zosakhudzana n'komwe ndi anthu a m'chipululu. Makatalogi akuluakulu, mabuku ondandalika masitampu ndi mitengo yake, anakana kuwapatsa manambala ambiri mwa iwo. Zinatha United Arab Emirates itakhazikitsidwa n'kuyamba positi imodzi. Amene anagula poyembekeza kuti mtengo udzakwera anatsala ndi mabuku odzaza mapepala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masitampu atsopano amene akutuluka lero ali m'magulu atatu, ndipo wosonkhanitsa wosadziwa kusiyanitsa amaluza ndalama. Alipo otulutsidwa ndi positi ya dziko, ogulitsidwa pa kauntala, oti mukamata pa kalata imayenda. Alipo ovomerezeka pa pepala, opangidwa ndi kampani zakunja zimene zinasainirana pangano ndi boma, koma ochuluka mopitirira muyeso, mazanamazana pa chaka m'dzina la dziko limodzi, ndipo nthawi zambiri sapezeka pa positi ofesi ya dzikolo. Kenako pali akuba dzina, osindikizidwa popanda chilolezo cha wina aliyense. Gulu lachitatuli linakula Soviet Union itagwa mu 1991, pamene kunatuluka timapepala ta maina a zigawo za Russia monga Tuva ndi Buryatia, zimene zilibe ufulu wotulutsa masitampu. Pambuyo pake achinyengo anatembenukira ku Africa. Maina a Somalia, Rwanda, Benin ndi Malawi yemwe agwiritsidwapo ntchito pa timapepala ta mbalame, agulugufe, magalimoto ndi anthu otchuka timene positi za maikowa sizinatulutse.

Gulu lachiwiri ndi limene anthu amakanganapo kwambiri. Ena amati dziko losauka lili ndi ufulu wopeza ndalama zakunja mwa njira iliyonse yovomerezeka, ndipo palibe amene amakakamizidwa kugula. Mfundoyo ili ndi mutu, koma imaiwala mtengo wake. Dziko likangodziwika kuti limatulutsa masitampu ngati mvula, osonkhanitsa enieni amalisiya lonse, ndipo sitampu yabwino yokumbukira ufulu kapena munthu wofunika imamira m'chigumula chomwecho. Kampani ya Stanley Gibbons imaika masitampu oterewa kumapeto kwa katalogi, opanda nambala kapena mtengo, mpaka patapezeka umboni wakuti ankagulitsidwadi ndi kugwiritsidwa ntchito m'dzikomo.

Pofuna kuthana ndi akuba dzina, Universal Postal Union, bungwe la mapositi limene linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874, linayambitsa kaundula wa WNS pa 1 Januwale 2002. Sitampu iliyonse yolembetsedwa imapatsidwa nambala yokhala ndi zilembo ziwiri za dziko, nambala yotsatana ndi chaka, ndipo chithunzi chake chimaikidwa pa intaneti. Bungweli limatumizanso zikalata zochenjeza pamene dziko ladandaula kuti dzina lake labedwa. Vuto n'lakuti kulembetsa n'kodzifunira ndipo kumalipiridwa, choncho si maiko onse amene alimo. Sitampu ikapezeka mu WNS ndi yeniyeni. Ikasowa, musathamangire kuitaya. Yang'anani mu katalogi ya Stanley Gibbons, Scott, Michel kapena Yvert et Tellier, ndipo ngati ili yatsopano moti sinalowe m'mabukumo, funsani ofesi yoona za masitampu ya positi ya dzikolo, kapena funani envulopu imene inayendadi nayo.

Pali zizindikiro zimene maso okha amatha kugwira. Tengani galasi lokulitsira kakhumi. Sitampu yosindikizidwa ndi kampani yodziwa ntchito kawirikawiri imakhala ndi zilembo zakuthwa m'mphepete, pomwe yachinyengo zilembo zake zimaoneka zopangidwa ndi timadontho tamitundumitundu. Yesani timabowo: nambala yake ndi kuchuluka kwa mano m'masentimita awiri, ndipo katalogi ikati 14, yanu ikapezeka 12, pali nkhani. Onani mtengo wolembedwapo ngati ukugwirizana ndi ndalama ya dzikolo m'chaka chimenecho. Mwachitsanzo, Malawi anayamba kwacha ndi tambala mu 1971, choncho masitampu a ufulu a mu 1964 ali m'mapeni ndi mashiling'i. Sitampu imodzimodziyo ikamagulitsidwa ya mano, yopanda mano, pa pepala lagolide ndi lasiliva nthawi imodzi, dziwani kuti akufuna thumba lanu. Mukaona chidindo chaukhondo pakona koma kumbuyo guluu ali wonse, sitampuyo sinayendepo. Inadindidwa papepala lathunthu kuti igulitsidwe motchipa. Zimenezi si chinyengo pazokha, koma mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi yoyenda pa kalata.

Zachilendo pazokha si umboni wa bodza. Sierra Leone inatulutsa masitampu odzimatira okha, ooneka ngati mapu a dzikolo, mu 1964. Tonga inatulutsa ooneka ngati nthochi mu 1969, ndipo ankayendadi pa makalata. Bhutan mu 1973 inatulutsa timarekodi toimba pa galamafoni. Switzerland inatulutsa sitampu yopeta ndi ulusi mu 2000 ndi yonunkhira chokoleti mu 2001, Austria n'kubweretsa yolumikizidwa ndi kaundula wa pa intaneti wotchedwa blockchain mu 2019. Ku Britain masitampu a tsiku ndi tsiku anaikidwa barcode mu 2022, ndipo akale opanda barcode analeka kugwira ntchito pakutha pa Julayi 2023. Onsewa munthu akanatha kuwagula n'kutumizira kalata.

Mukapeza yeniyeni, mdani wotsala ndi chinyezi. M'nyengo ya dzinja guluu amafewa, sitampu n'kumatirira ku tsamba, ndipo ikatero mtengo wake wagwa kale. Buku la masitampu liimikeni chilili pa shelefu, osaligoneka pansi pa mabuku ena, komanso litalikirane ndi khoma lakunja ndi pansi pa simenti. Ikani timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi m'bokosi lotsekeka bwino, muzitiumitsa pakapita miyezi ingapo, ndipo tsiku louma muzitsegula masamba kuti apitidwe mphepo pamthunzi, chifukwa dzuwa limasuwitsa inki. Madontho ofiirira ngati dzimbiri akayamba, chotsani sitampuyo msanga isanapatsire zinzake. Gwirani ndi kapanira wosalala kunsonga, popeza thukuta la zala limasiya chizindikiro chimene chimaonekera patapita zaka. Selotepi musayerekeze. Sitampu yakale yomatidwa pa envulopu yoyera imachoka mukaviika m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 10 mpaka 15, kenako n'kuiumitsa chafufumimba pa pepala loyamwa madzi ndi kuitsindika ndi buku lolemera. Envulopu yofiira kapena yobiriwira iviikeni payokha m'madzi ozizira, chifukwa imasuluka n'kudetsa zonse. Masitampu ambiri odzimatira okha a masiku ano sachoka m'madzi, amangong'ambika. Amenewa dulani pepala mozungulira, kusiya mamilimita atatu kapena anayi mbali zonse. Ndipo ngati chidindo chikuwerengeka bwino, dzina la positi ofesi ndi deti zikuoneka, sungani envulopu yonse osadula.