Mng'alu wa pakona sutsekedwa ndi pulasitala

Pali mawu amodzi omwe ndatopa kuwamva ndikafika ku Chikwawa ndi ku Nsanje: "Zivomerezi ndi za ku Karonga, kuno vuto lathu ndi madzi." Amatero amisiri, amatero a komiti ya sukulu, ngakhalenso anthu ophunzira bwino. Ine ntchito yanga ndi kufufuza mmene nyumba zimagwedezekera nthaka ikasuntha, ndipo mawu amenewa amandisowetsa tulo.

Tsiku lina mukadzatsika kuchokera ku Blantyre n'kufika pa Thabwa, mudzacheuke muone chiphedi chomwe chimatsata East Bank. Pansi pake pali mng'alu waukulu wa m'nthaka, wotchedwa mng'alu wa Thyolo, pomwe nthaka ya chigwa chathu yakhala ikutsika pang'onopang'ono kuyambira kalekale. Chigwa cha Shire ndi mchira wa chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, chomwecho chimene chinagwedeza Salima mu Marichi 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009. Nanga pa 8 Marichi 2018, pamene chivomerezi champhamvu yoposa 5 pa sikelo yoyezera zivomerezi chinachitika kufupi ndi Nsanje, mwaiwala kale? Ambiri a inu munachimva.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'choti madzi ndi chivomerezi zimagwirira limodzi. Nthaka yathu ndi matope ndi mchenga womwe Shire ndi Ruo akhala akuunjika, ndipo nthaka yofewa imakulitsa kugwedezeka. Gwedezani tebulo pali mbale ya phala ndi mwala, muone chomwe chivine kwambiri. Komwe madzi ali pafupi pansi, mchenga wonyowa ukagwedezeka umasiya kunyamula katundu, maziko n'kumira. Ku Karonga zinaoneka, mchenga ndi madzi zikutumphuka m'ming'alu. Onjezerani makoma omwe anamwa madzi mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi nthawi ya Freddy mu 2023.

Pali nyumba ina cha ku Bangula yomwe simachoka m'mutu mwanga. Mwini wake ndi mayi wamasiye wolera zidzukulu, anaimanga atataya yoyamba ndi madzi. Njerwa zootcha zabwino ndithu, malata atsopano, koma zomangira dothi, khoma la njerwa imodzi, pamwamba popanda ring'ibimu, lamba wa konkire uja wogwirizitsa makoma onse. Pakona yakuchipinda chogona panali mng'alu wotsetsereka kuchokera pawindo mpaka pansi. Ndinalowetsamo chala, dothi n'kumayoyoka ngati ufa. Nditakankha khomalo ndi dzanja, linayankha.

Ndinati, "Mayi, ana asamagone mbali ino, ndipo konayi iyenera kugumulidwa n'kumangidwanso."

Iwo anati, "Bambo, abilidala anena kuti angopaka pulasitala wa simenti yambiri, zitha."

Nditadutsanso patapita miyezi, khoma linali losalala, lopaka laimu, mng'alu osaoneka. Mphasa za ana zinali pomwepo. Ndalama ya matumba a simenti aja ikanatha kuyambira kukonza kona. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinalankhula mokwanira.

Mmisiri wobisa mng'alu ndi chimodzimodzi munthu womanga nsanza pachilonda chamafinya. Pulasitala sagwira makoma. Chivomerezi chimakankha nyumba cham'mbali, uku ndi uku, osati kuchokera pamwamba, ndiye makoma anayi akapanda kugwirana, lililonse limayenda lokha, makona n'kutseguka, khoma n'kugwa chagada kapena kugwera m'kati. Poyesa zidutswa za makoma pantchito yathu, kawirikawiri njerwa imatsala yathunthu, chomwe chalekana ndi chomangira. N'chifukwa chake timaumirira ring'ibimu yokhala ndi zitsulo, yozungulira nyumba yonse mosadukiza, osati tizidutswa pamwamba pa chitseko ndi mawindo pokha. Njerwa zilumane bwino pamakona, waya wolimbitsa khoma wotchedwa bulikifosi alowe m'mizere ya njerwa, njerwa zinyowetsedwe musanamange kuti zisamwe madzi a simenti, makamaka ndi dzuwa la kuno. Windo lisayandikire kona. Ndipo khoma losongoka lapamwamba lija, lomwe amisiri amati gebulo, ndilo limayamba kugwa ngati laima lokha losagwirizidwa kudenga. Ndimaona magebulo aatali oterewa pamatchalitchi ndi m'makalasi, pansi pake pakhala ana.

Ndikudziwa kuti simenti ndi zitsulo zakwera mtengo. Koma kuli bwino kumanga zipinda ziwiri zogwirana bwino kusiyana ndi zinayi zongoima. Mmisiri akakuuzani kuti ring'ibimu ndi ya nyumba zosanja zokha, kapena kuti wamanga zaka makumi awiri palibe inagwa, m'funseni kuti ndi zingati mwa nyumba zakezo zinagwedezekapo kwenikweni.

Chenjeraninso ndi mauthenga a pa WhatsApp onena tsiku ndi ola la chivomerezi. Palibe katswiri padziko lapansi, ngakhale a nthambi ya Geological Survey ku Zomba omwe amayeza zivomerezi, amene angatchule tsiku. Anthu amagona panja usiku umodzi chifukwa cha mphekesera, m'mawa n'kubwerera m'nyumba yong'ambika yomwe ija.

Ngati khoma lanu lili ndi mng'alu wolowa chala, wotsetsereka kapena wa pakona, sunthani pogona lero lomwe. Lembani ndi pensulo pomwe wathera, ndi tsiku lake, muziona ngati ukukula. Kenako pitani ku ofesi yoona zomangamanga ku khonsolo ya boma lanu, mvula isanayambe, munthu wodziwa adzaone maziko musanagule thumba ngakhale limodzi la pulasitala.